Xeon X5690 mu Mac Pro ya 2009: Ndiyamphamvu, Koma Samalani ndi Thireyi

Purosesa imeneyi ili ndi makoro 6 (timagawo togwira ntchito mkati mwake) othamanga pa 3.46GHz, ndipo imaipatsadi moyo watsopano kompyuta yakaleyi. Musanaiike, sinthani firmware ya makina (pulogalamu ya mkati yoyatsira kompyuta) kuchoka pa 4,1, yomwe ndi ya 2009, kupita pa 5,1, yomwe ndi ya 2010, apo ayi kompyutayo siyaka n'komwe. Mukatero RAM ya DDR3 ECC ithanso kuthamanga pa 1333MHz.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa thireyi, chipangizo chosolola chomwe pamakhala purosesa ndi RAM. Thireyi ya 2009 ya mapurosesa awiri imafuna mapurosesa ochotsedwa chivindikiro chachitsulo. Mukaika okhala ndi chivindikiro n'kumangitsa heatsink (chitsulo choziziritsa purosesa) kwambiri, timapini ta soketi yomwe purosesa imakhalamo timapindika. Mangani pang'onopang'ono ndi kiyi yaitali ya hex ya 3mm, mosinthanitsa ngodya. Musatengenso thireyi ya 2010 n'kuilowetsa m'makina a 2009: SMC yake (kachipangizo kolamulira mafani ndi magetsi) imasiyana, ndiye mafani amangolira mwamphamvu osaleka.

Kumbali ya macOS, pa makina a 5,1 Apple inaimira pa Mojave, yomwe imafuna khadi ya zithunzi yodziwa Metal (njira ya Apple yojambulira zithunzi), monga Radeon RX 580. Kupitirira apo mudzadalira OpenCore Legacy Patcher, pulogalamu yothandiza kuika macOS yatsopano m'ma Mac akale. Chomvetsa chisoni n'chakuti X5690 ilibe AVX (gulu la malangizo lomwe mapurosesa atsopano amamva), choncho mapulogalamu ena atsopano satseguka ngakhale macOS italowa bwinobwino.