PDF, EPUB kapena Bloom: buku lolankhula tilipangire pati?

Madzi a namondwe Freddy ataphwa mu 2023, mabuku ambiri m'sukulu za kuno ku Nsanje ndi Chikwawa anali atasanduka phala. Kuchokera apo enafe takhala tikuika nthano ndi timaphunziro m'mafoni, zithunzi ndi mawu omveka zili momwemo. Pomwe timasiyana maganizo ndi pa mtundu wa fayilo.

PDF aliyense amaidziwa. Idayamba ndi kampani ya Adobe mu 1993, ndipo imatseguka ngakhale pa kafoni kotchipa. Mukafuna kukasindikiza pa Nchalo kapena pa Bangula, tengani PDF basi. Koma tsamba lake ndi louma: pa foni yaing'ono mumangokhalira kukoka ndi zala kuti zilembo zioneke, ndipo kuti mwana amve mawu uku akutsata mzere, iwalani.

EPUB ndi nkhani ina. Mkati mwake ndi masamba a HTML, onga a pa intaneti, omangidwa pamodzi m'fayilo ya zip. N'chifukwa chake zilembo zimadzikonza zokha malinga ndi kukula kwa foni, ndipo agogo amaso ofooka atha kuzikulitsa. EPUB 3 idatuluka mu 2011 pansi pa bungwe la IDPF, lomwe mu 2017 lidalowa mu W3C, bungwe lokonza malamulo a masamba a pa intaneti, ndipo EPUB 3.3 idavomerezedwa mu 2023. Ili ndi mbali yotchedwa Media Overlays, yomwe imalumikiza mawu ojambulidwa ndi zolembedwa, chiganizo chikumawala pomwe chikuwerengedwa. Kwa ife ichi si chokongoletsa chabe. Lembani "mtengo" papepala, mwana wa Sitandade 2 sadziwa ngati ndi wa masau kapena wa thumba la chimanga mpaka atamva katchulidwe. Nanga mwana wolankhula Chisena pakhomo amene akukumana ndi Chichewa cha m'buku? Khutu limamutsogolera pomwe diso lakanika.

Chomwe chimandikoka mtima kwambiri n'chakuti EPUB ilibe mwini mmodzi. Malamulo ake amakambidwa poyera, ndipo magulu a W3C otchedwa Community Groups aliyense amalowa osalipira. Sigil yolembera, EPUBCheck yoyesera ngati fayilo ili bwino, Thorium Reader yowerengera pa kompyuta, zonsezi n'zaulere. Mnzanu wa ku Ngabu atha kutsegula buku lanu, kukonza pomwe Chimang'anja mudachipotoza, n'kukubwezerani. Mutu umodzi susenza denga.

Vuto lilipo, ndisabise. Kulumikiza mawu ndi ziganizo pamanja kumafuna kulemba mafayilo a SMIL (osonyeza pomwe chiganizo chilichonse chayambira ndi kuthera m'mawu ojambulidwa), ntchito yodya nthawi ndi batire, makamaka kuno komwe laputopu imatentha ngati chiwaya mu Okutobala. Komanso mapulogalamu ambiri owerengera EPUB pa Android amangoonetsa zilembo, mawu aja zii.

Apa m'pomwe Bloom imapambanira. Ndi pulogalamu yaulere ya bungwe la SIL, yopangidwira zilankhulo zosowa mabuku. Mumaika chithunzi, kulemba chiganizo, kudina batani n'kulankhula, kulumikiza kuja imachita yokha. Buku limodzi litha kukhala ndi Chisena ndi Chichewa. Pa foni limawerengedwa ndi Bloom Reader popanda netiweki, zomwe anzathu a ku Makhanga, omwe madzi amawatsekera njira dzinja likalimba, angazimvetse kuposa ine. Kuipa kwake, fayilo yake ya BloomPUB imafuna pulogalamu ya banja lomwelo, ndipo Bloom idapangidwira timabuku ta ana, osati buku lalitali la mbiri ya Mbona ndi kachisi wa Khulubvi.

Za bandulo musade nkhawa kwambiri. Mawu a MP3 pa 64 kbps amadya pafupifupi theka la MB pa mphindi, choncho nthano ya mphindi khumi ndi 5 MB, yodutsa pa Bluetooth kapena pa memori khadi mosavuta. Chodya bandulo ndi kanema. Ulimba ujambuleni mawu okha, muikepo chithunzi.

Ine nthano za ana ndimazipangira mu Bloom, kenako ndimatulutsamonso EPUB, poti Bloom imalola zimenezo, kuti ikhale yosunga. Mabuku aatali ndimayambira mu Sigil. PDF ndimaipanga pomaliza, ahedi akafuna ya papepala.