Ndemanga ya ulendo wa pa boti mumtsinje wa Chicago

Mwezi wa Okutobala chaka chatha, ndikucheza kwa mlongo wanga mumzinda wa South Bend ku America, tinakwera sitima ya South Shore Line kupita ku Chicago, ndipo mwa zonse zimene tinalipira m'masiku atatu amene tinakhala mumzindawo, ulendo wa pa boti woonera nyumba zosanja ndi umene ndinaona kuti ndalama zanga zinagwiradi ntchito.

Boti lathu linanyamukira pafupi ndi mlatho wa DuSable, umene unatchedwa dzina la Jean Baptiste Point du Sable, munthu wakuda amene amadziwika kuti ndiye mlendo woyamba kukhazikika pamalowa, ndipo ulendo wonse unatenga mphindi 90. Amene ankatifotokozera anali mayi wachikulire, wolankhula mofatsa, wopanda ndi kapepala komwe m'manja. Anayambira pa moto wa mu 1871, umene unapsereza mzindawu nyumba zambiri zikadali zamatabwa, n'kupha anthu pafupifupi 300 ndi kusiya ena pafupifupi 100,000 opanda pogona. Kuchokera pamenepo anatisonyeza mmene amisiri omanganso mzindawu anaphunzirira kuimika nyumba pa mafelemu achitsulo, mpaka mu 1885 pamene anamaliza Home Insurance Building ya nsanjika 10, imene ambiri amati ndiyo kholo la nyumba zitalizitali za masiku ano.

Nyumba zimene sindidzaziiwala ndi ziwiri za Marina City. Ndi zobulungira, makonde ake anandandalika mozungulira, moti tisanauzidwe n'komwe, mlongo wanga anandikodola n'kunena kuti zikufanana ndi zitsononkho za chimanga, ndipo tinamva kuti eni mzinda nawonso amazitchula choncho. Nsanjika za m'munsi ndi zoimikamo galimoto, ndipo ukamadutsa pa boti umaona magalimoto ataima m'mphepete mwenimweni, mtsinje uli pansi pake.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya madzi amene tinkayendapowo. Kale mtsinjewu unkathira zonyansa za mzinda m'nyanja ya Michigan, momwemonso anthu ankapopa madzi akumwa, ndipo matenda a m'mimba ankawasautsa. Mu 1900 anatsegula ngalande imene inautembenuza, kotero kuti lero madzi amachoka kunyanja kulowera chakumtsinje wa Mississippi. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo ndinamvetsera nkhaniyi ndi mtima wonse, chifukwa ndikudziwa tanthauzo la kumwa madzi a nyanja yomwe umachapamo ndi kusambamo. Nyanja ya Michigan ndi yaikulu pafupifupi kuwirikiza kawiri nyanja yathu ya Malawi, ndipo tsidya lake silioneka.

Zodandaula zilipo ziwiri. Mtengo umene ndinaona poyamba pa intaneti si umene ndinalipira, popeza pomaliza anawonjezerapo ndalama zina zimene ndikanakonda kuzidziwa ndisanayambe kulemba dzina langa. Chachiwiri, pamene tinkadutsa pansi pa milatho yomwe pamwamba pake pamayenda sitima, phokoso linkameza mawu a mayi aja, ndipo ife a kumbuyo tinaphonya zina. Za kuzizira sindingaimbe mlandu wina aliyense, koma wokwera mwezi umenewu atenge jekete lokhuthala ndi chipewa, chifukwa mipando yoonera bwino ili pamwamba, pamtetete, pamene mphepo ya kunyanja imafika mpaka m'mafupa.

Ndikulangiza kuti ulendowu ukhale wa tsiku loyamba, ndipo mufike msanga kuti mukhale chakutsogolo. Ife tinakwera boti tsiku loyamba, ndipo m'mawa mwake titakwera pa nsanjika ya 103 ya nyumba yosanja ya Willis Tower, ndinatha kutsata ndi chala nthambi zitatu za mtsinjewo ndi kutchula mayina a nyumba zingapo popanda wondiuza.