Mabushi aja ndinasintha chaka chatha: patha miyezi 14 tsopano

Lamlungu lapitali alamu anga anandiimbira foni. Galimoto yawo yayamba kugogoda kutsogolo ikaponda bampu, ndipo makaniko wawauza kuti ndi mabushi, timalabala tija timakhala pomwe zitsulo zogwira matayala zimalumikizana ndi galimoto. Funso lawo linali lalifupi: "Alamu, aja munaika inu aja akuyenda bwanji? Ndigule omwewo?" Ndinayamba ndi eya, kenako ndinati ayi, mapeto ake ndinawauza kuti ndiwaimbiranso. M'galimoto munali mukadali lisiti ya ku galaja ya masabata atatu apitawo, ndiye mtima unali usanakhale pansi. Ndaona kuti bola ndilembe zonse, iwo awerenge, pamodzi ndi wina aliyense amene akulera galimoto yokalamba ngati yangayi.

Yanga ndi Corolla ya 1998, yayenda makilomita opitirira 280,000. Miyezi 14 yapitayo ndinasintha mabushi onse akutsogolo: anayi a ma lower arm (zitsulo zapansi zogwira matayala), awiri mbali iliyonse, ndi awiri a sitabilaiza (chitsulo chothandiza kuti galimoto isapendekeke kwambiri pokhota). A ma arm ndinagula a labala. A sitabilaiza wogulitsa anandinyengerera kuti nditenge a polyurethane (mtundu wa pulasitiki), ofiira aja, ati amenewo satha. Chisinthireni ndayenda makilomita pafupifupi 17,000.

Zabwino ndizinene msanga, chifukwa zilipo. Chiwongolero chinasiya kuyendayenda, moti pamsewu wowongoka sindilimbananso nacho. Ndikaponda mabuleki galimoto sikokeranso kumbali ngati kale. Matayala akutsogolo, omwe ankatha m'mphepete mwa mkati pomwe pakati pakadali mano, anayamba kudyeka mofanana nditapangitsa alaimenti (kuwongola kaimidwe ka matayala). Pokhota galimoto sipendekeka kwambiri. Mwezi woyamba ndinkayenda ndikumwetulira ndekha, ndipo ndikanalemba nthawi imeneyo bwenzi mukuwerenga zotamanda zokhazokha.

Mwezi wachitatu kunayamba kulira.

Sikunali kugogoda kwakale kuja ayi. Kunali kwii, kwii, ngati chitseko cha mahinjesi adzimbiri, makamaka m'mawa kukazizira, ndiponso tsiku lotsatira mvula. Ndikamatuluka pageti pang'onopang'ono, tayala limodzi likakwera kaye linzake lisanakwere, ndiye kumamveka bwino zedi. Pa liwiro kumazimiririka. Munthu wina akhoza kunena kuti ndi nkhani yaing'ono, koma yesani kukhala nalo phokoso limenelo m'mawa uliwonse, ana kumbuyo akuliyeserera ndi pakamwa. Mayi akunyumba anafika pofunsa kuti, "Kodi ndalama zija munalipira kuti galimoto isiye kugogoda, kapena kuti iyambe kuimba?"

Ndinabwerera kwa makaniko. Anagwedeza galimoto, anamvetsera, n'kunena kuti ndi malinki a sitabilaiza, tizitsulo tolumikiza nsonga zake ndi mbali ya tayala. Tinasintha malinki. Kulira kunalipobe tisanatuluke n'komwe pagalaja. Ulendo wachiwiri anapopera mafuta a m'chitini aja omasulira mabauti, phokoso linatha masiku awiri. Ulendo wachitatu anamasula mabulaketi ogwira mabushi a sitabilaiza n'kupaka girizi wamba, yemwe amaika m'mabering'i, ndipo tinapuma masabata atatu. Mvula itagwa, kwii uja anabwerera ngati sanachokepo. Panthawiyi n'kuti nditayamba kukayikira mashoki, mwamwayi ndalama zogulira ena ndinalibe, apo ayi ndikanataya zambiri pa chinthu chosalakwa.

Chimene chinanditsegula maso ndi kumvetsa kuti mabushi awiriwa sagwira ntchito mofanana. Bushi ya labala ya pa arm imakhala yomatidwa ku kachitsulo ka mkati ndi ku chigoba cha kunja. Siizungulira pa bauti. Tayala likamakwera ndi kutsika, labalayo amangopotokoka ngati nsalu imene ukufinya, n'kubwerera. Palibe chokhulana, n'chifukwa chake safuna girizi, ndipo girizi kapena oyilo wochokera ku petuloliyamu amamufewetsa n'kumuwononga. Polyurethane ndi wolimba, sapotokoka chomwecho. Chitsulo chimatsetsereka m'kati mwake, ndiye pakauma pamalira basi. Amafuna girizi wa silicone, womata uja amene madzi samuchotsa msanga, ndipo ambiri amabwera ndi kapaketi kake m'bokosi. Langa munalibe. Wogulitsa sanatchulepo za girizi ngakhale kamodzi, ndipo ine sindinadziwe kuti ndifunse.

Loweruka lina ndinakwawira pansi ndekha. Nditachotsa mabulaketi ndinapeza zinthu ziwiri. Chitsulo cha sitabilaiza pamalo pokhala bushi chinali ndi dzimbiri lokhakhala, lomwe linali litayamba kale kupala bushi yatsopanoyo. Chachiwiri, nditabwereka choyezera n'kuyeza, chitsulocho chinali chonenepa ndi milimita imodzi kuposa nambala yolembedwa pa bushi. Mabushi a sitabilaiza amagulidwa potengera kunenepa kwa chitsulo, ndipo galimoto za dzina limodzi zimatha kukhala ndi zitsulo zosiyana. Bushi yothina imafinyira girizi yense kunja ukangomanga mabauti. Ndiye onse aja tinkapakawa ankangotuluka. Ndinapala dzimbiri ndi sandipepala, ndinakulunga tepi yoyera ya mapaipi a madzi ija pachitsulo, ndinapaka girizi wa silicone. Kunakhala zii kwa miyezi inayi. Pano kwayambiranso, pang'ono, kukazizira. Ndavomereza kuti ndi ntchito ya kawiri pachaka mpaka ndidzagule a saizi yake.

Mpaka pamenepa ndinkati vuto ndi ofiirawo, a labala ndi akatundu. Mwezi wa 13 unandisintha maganizo.

Ndikuchokera kuntchito ndinaponda mabuleki mwamphamvu pang'ono, ndipo kumanzere kunamveka gu! Mawa lake chiwongolero chinali chitapendekeka pomwe galimoto ikuyenda mowongoka. Titaikweza, bushi yakutsogolo ya arm yakumanzere inali itang'ambika kuzungulira, labala atasiyana ndi kachitsulo ka mkati. Ukalowetsa chitsulo chotukulira matayala n'kukankha, arm yonse imasuntha. Yoyambirira ija, yomwe ndikukhulupirira kuti inachokera ku fakitale, inakhala zaka zoposa makumi awiri. Iyi chaka chimodzi ndi mwezi. Ndipo tayala lakumanzere, lomwe ndinkanyadira lija, linali litayamba kale kudyeka m'kati, kusonyeza kuti bushiyo inafooka kalekale ine osadziwa, makutu ali pa kwii wa sitabilaiza.

Apa ndiye panayambira kukankhirana. Makaniko anati, "Bwana, labala uyu ndi wabodza, taonani mmene wanyenyekera." Ndinanyamula arm yonse m'thumba kupita nayo kwa wogulitsa, lisiti ili m'manja. Anaitembenuza kawiri, n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Achimwene, pomanga bauti iyi galimoto inali pansi kapena m'mwamba?" Ndinakhala chete, chifukwa ndinkakumbuka bwinobwino. Inali pa majeke, matayala ali lende, makaniko akukoka sipanala ndi mphamvu zake zonse.

Bamboyo anali ndi mfundo, ngakhale sindinafune kumupatsa. Popeza labala amagwira ntchito mopotokoka, bauti yopingasa ija imayenera kumangidwa komaliza galimoto itaima pa matayala ake, kulemera kwake konse kuli pansi. Ukamanga matayala akulendewera, ukangoitsitsa labalayo amapotokoka n'kukhala choncho usiku ndi usana, ngakhale galimoto ili pa malo oimika. Bampu iliyonse imangowonjezera pa kupotokoka komwe kulipo kale. Bushi yabwino imatha kung'ambika msanga chifukwa cha zimenezi zokha.

Koma nanga bwanji yakumanja, yomangidwa tsiku lomwelo ndi munthu yemweyo, inali ndi timing'alu chabe? Yankho linapezeka titabwerera pansi pa galimoto. Silo (kalabala kotsekera oyilo) ya pomwe shafti imalowa m'giyabokosi inkadontha pang'onopang'ono, ndipo oyiloyo ankafika pa bushi yakumanzere ija. Vuto limeneli ndinkalidziwa. Ndinkangowonjezera oyilo n'kumati ndidzakonza mwezi wamawa. Ndiye olakwa tinakwana atatu, ndipo aliyense ankaloza mnzake.

Wogulitsa anakana kubweza ndalama. Anati chitsimikizo chake ndi cha miyezi isanu ndi umodzi, ndiponso sichikhudza katundu woikidwa molakwika. Za miyezi isanu ndi umodzizo pa lisiti panalibe, ndipo tsiku logula anandiuza ndi pakamwa kuti "chikavuta mudzabwere." Nditamukumbutsa za mabushi ofiira a saizi yolakwika ndi girizi wosowa uja, nkhope inasintha. Poyamba anati ndinatchula chaka cholakwika cha galimoto. Ndinamuonetsa lisiti, chaka analemba yekha ndi dzanja lake. Tinakangana kwa kanthawi, makasitomala ena akumvetsera, mpaka anati andigulitsa mabushi awiri a ma arm pochotsera theka la mtengo, ndipo ofiirawo adzandisinthira a saizi yake akabwera. Theka lija anachotsadi. Ofiirawo ndapitako kawiri, akuti katundu ali m'njira.

Makaniko naye sanavomere kulakwa ndi pakamwa, koma ntchito yachiwiriyi anandilipiritsa yochepa, ndipo ndinaona kuti asanamange mabauti anatsitsira galimoto pa mathabwa okhuthala n'kukwawira pansi. Sindinanene kanthu. Iyenso sananene kanthu.

Tsopano ndalama, poti ndi pamene mtima umawawira. Mabushi enieniwo ndi otsika mtengo, ndipo ndi chimene chimatinyenga. Chodula ndi zozungulira. Kuchotsa arm, kukapanikiza bushi yakale ndi pulesi kuti ituluke, kulowetsa yatsopano moyang'ana koyenera, kenako alaimenti, yomwe sungaithawe ukangomasula arm. Zonsezi ndalipira kawiri m'miyezi 14. Onjezanipo malinki amene sanalakwe, silo ya giyabokosi, ndi tayala limodzi lomwe lidzatha nthawi yake isanakwane. Nditawerengera, ndapeza kuti ndikanagula ma arm athunthu okhala ndi mabushi ake kale, omwe tsiku lija ndinawakana kuti ndi odula, ndikanawononga zocheperapo. Ngakhale pamenepo, akanamangidwa galimoto ili m'mwamba, oyilo akudontherapo, mwina bwenzi ndikulira chimodzimodzi ndi ndalama zambiri.

Tsiku limene ndinatuluka kwa wogulitsa ndinalumbira kuti sindidzapondakonso. Lero m'mawa galimoto yayenda mwakachetechete, chiwongolero chili chilili, ndipo ndinadzipeza ndikuganiza kuti mwina munthuyo si woipa kwenikweni, poti funso lake lija ndi limene linandiphunzitsa kanthu. Mawa kukazizira n'kumva kwii, ndidzakumbukiranso katundu uja ali m'njira.

Alamu ndinawaimbiradi Lachiwiri. Ndinawauza kuti asanagule chilichonse akweze galimoto aone ngati pali oyilo akudontha, ndipo makaniko agwedezenso ma ball joint ndi ma tie rod (zolumikizira zina za ku matayala ndi chiwongolero), chifukwa nawonso amagogoda chimodzimodzi. A sitabilaiza atenge a labala, atayeza kaye chitsulo. Za chitsimikizo zilembedwe pa lisiti. Anafunsa ngati angapite kwa makaniko wanga, ndinati apite, koma tsiku lomanga mabauti ndidzapita nawo ndikaime pomwepo. Za wogulitsa ndawauza kuti adikire kaye mpaka Loweruka, ndikaone ngati ofiira aja afika.