Mpira waulere pa foni: ligi yatha, tiyeni tiwerengere

Nyengo ya mpira itangoyamba, nkhani imene inali m'kamwam'kamwa ku Ulongwe, ku Zóbuè mpaka ku Moatize inali yakuti dikoda yatha ntchito, mpira tsopano uli pa foni ndipo ngwaulere. Miyezi yadutsa, anthu aonera pa dzuwa ndi pa mitambo, ndipo tsopano nkhaniyi ikhoza kuweruzidwa mosatengeka. Mpira waulere ulipodi. Koma chimene anthu ankachiopa poyamba, malonda odula chithunzi, chapezeka kuti ndi vuto laling'ono. Chimene chagwetsa ambiri mphwayi ndi mamega, kusadziwika kwa masewero amene aonetsedwe, ndiponso foni yotentha.

Malo oonerapo ovomerezeka si ambiri. FIFA+ inayamba mu April 2022, salipiritsa, ndipo ndalama zake imapeza pa malonda. Kwa ife a kuno phindu lake lagona pa mipikisano ya COSAFA ndi masewero ena a ku Malawi, makamaka a zikho. Pali YouTube, kumene mabungwe a mpira monga CAF ndi COSAFA ali ndi makanema awo, ndiye palinso Facebook, kumene nyumba zoulutsira mawu ndi matimu ena amaika masewero ali mkati. TVM, wailesi ya kanema ya dziko la Mozambique imene anthu anazolowera kuonerapo ligi ya Moçambola, nayo ili ndi masamba ake pa intaneti. Premier League, La Liga ndi Champions League ya ku Ulaya musazifune m'malo amenewa. Ufulu woonetsa masewero amenewo unagulidwa ndi makanema olipira, ndipo aliyense wokulonjezani Arsenal yaulere ali ndi chake chimene akufuna.

Ufulu woonetsawu ndi umenenso umachititsa kuti munthu asadziwe chimene aone Lamlungu. Masewero amagulitsidwa mpikisano ndi mpikisano, dziko ndi dziko. Sewero likhoza kutuluka pa kanema wa m'nyumba koma osafika pa intaneti, kapena kufika pa intaneti koma lotsekedwa m'dziko limene wina anagula ufulu. Wochemerera UD Songo, timu imene inabweretsa chikho cha Moçambola m'chigawo chino cha Tete mu 2017, 2018 ndi 2022, sangadalire kuti aiona sabata iliyonse. Chingale de Tete ndiye mpaka mwayi. Zimene zimaonetsedwa kawirikawiri ndi masewero akuluakulu, monga pamene Songo yakumana ndi Black Bulls, Costa do Sol kapena Ferroviário da Beira. Ndandanda imatuluka mochedwa, nthawi zina tsiku lomwelo m'mawa, choncho ndi bwino kuyamba mwaona kuti sewero lalembedwadi pa tsamba la eni ake, kenako ndiye mugule pakote ya data. Ambiri amachita mosemphanitsa, n'kutsala ndi mamega a tsiku limodzi opanda choonera.

Tsopano pa mamega, pamene pagona ndalama zenizeni. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Chithunzi choyenda pa liwiro la 1 Mbps chimadya mamega 450 pa ola. Sewero limodzi, kuphatikiza kupumulira ndi mphindi zoonjezera, limatenga pafupifupi maola awiri. YouTube imati chithunzi cha 360p (nambalayi ikamakwera, chithunzi chimaoneka bwino) chimafuna 0.7 Mbps, 480p imafuna 1.1 Mbps, 720p imafuna 2.5 Mbps, ndipo 1080p imafuna 5 Mbps. Kutanthauza kuti sewero lathunthu pa 360p likhoza kudya mamega oposa 600, pa 480p giga imodzi, pa 720p magiga awiri ndi kachidutswa, pa 1080p magiga anayi ndi theka. Nthawi zina zimatsikirapo pang'ono, koma mpira sumatsika kwambiri, chifukwa kamera imangoyendayenda ndipo udzu, anthu ndi mizere zonse zimasintha pa sekondi iliyonse. Nkhani za pa wailesi ya kanema, pamene munthu wangokhala pa mpando, zimadya zochepa kuposa mpira ngakhale nambala ya chithunzi ikhale imodzimodzi.

Wogula giga imodzi n'kusiya foni isankhe yokha chithunzi, mamega amamuthera chigawo chachiwiri chisanafike pakati. Chifukwa chake n'chakuti netiweki ikakhala bwino, pulogalamu imakwera yokha kufika pa 720p kapena kuposa, osafunsa. Pa YouTube dinani kachizindikiro ka zosintha, mulowe pa Qualidade, musankhe nambala ndi dzanja lanu. Dziwani kuti kusankhako kumagwira pa kanema ameneyo yekha: mukatuluka n'kutsegula wina, yang'ananinso. Pa foni ya mainchesi 6, 360p imakwana kutsatira sewero, ngakhale nambala za pa jezi sizioneka ndipo mpira umasowa ukamenyedwa m'mwamba. 480p ndiye pabwino, diso silivutika ndipo thumba limapirira. 240p ndi yongodzinamiza; bola kutsegula wailesi.

Pali mamega ena amene amatha mwakachetechete. Play Store ikasiyidwa kuti izikonza mapulogalamu pa netiweki iliyonse, imayamba ntchitoyo pomwe mwangotsegula data. WhatsApp nayo imatsitsa yokha mavidiyo a m'magulu, ndipo tsiku la mpira magulu amasefukira. Zimitsani zonsezi sewero lisanayambe. Chinanso, mapakote otchipa a malo ochezera amagwira pa mapulogalamu otchulidwa okha. Pakote ya Facebook siitsegula FIFA+, ndipo pa mizere ina mamega akatha foni imayamba kudya kirediti yotsala pa mtengo wokwera. Mapakote a usiku ndi otchipa ndithu, koma mpira wa Moçambola ndi wa ku Malawi umaseweredwa masana, cha m'ma 3 koloko. Ntchito yawo ndi kuonera zigoli kapena sewero lobwereza, pamene eni tsamba alisiya osalichotsa.

Malonda enieniwo akhoza kupiririka. Pa malo ovomerezeka amabwera poyamba, masekondi angapo kapena theka la mphindi, ndiponso pa nthawi yopumulira. Pamene amapweteka ndi pamene netiweki yadula. Munthu akakwiya n'kutseka pulogalamu kuti ayambirenso, amalandiridwa ndi malonda atsopano, ndipo penate imamenyedwa iye akuonera malonda a sopo. Chithunzi chikaima, dikirani masekondi 10 kapena 15, kapena tsitsani nambala ya chithunzi osatuluka. Malondawo amachokera pa makina ena osiyana ndi a sewerolo, n'chifukwa chake mumaona malonda akuyenda bwinobwino pamene mpira ukukana. Si kuti wina akuchitira dala. Chimene makolo ayenera kudziwa n'chakuti malonda a kubetcha amatsatira mpira paliponse, ndipo mwana wosiyidwa ndi foni amawaona onse.

Kuchedwa kwa chithunzi kulibe mankhwala enieni. Kanema wa pa intaneti amadulidwa tizidutswa ta masekondi 2 mpaka 6, ndipo foni imayamba yasunga tizidutswa tingapo isanaonetse. Zotsatira zake, woonera pa foni amakhala m'mbuyo ndi masekondi 20 mpaka mphindi yathunthu. Mnansi amene watchera Rádio Moçambique amakuwa chigoli inu mukuona goloboyi akukonzekera kumenya mpira. Pa YouTube, chithunzi chikaima n'kuyambanso, chimapitiriza pomwe chinaimira, ndiye kuchedwako kumaunjikana mpaka mphindi ziwiri kapena zitatu osazindikira. Dinani kadontho kosonyeza kuti sewero lili mkati, kadzafiira, mudzabwerera kutsogolo. Kuphatikiza chithunzi cha pa foni ndi mawu a pa wailesi, kumene ambiri amalakalaka chifukwa oulutsa a pa wailesi ndi okoma, sikutheka. Mawu amatsogola nthawi zonse.

Kudukaduka kwambiri sikuchokera kwa oonetsa mpira, koma pa nsanja ya netiweki. Lamlungu masana kapena tsiku la msika, anthu mazanamazana amagawana nsanja imodzi, ndipo foni imaonetsa timizere todzaza koma chithunzi chikuzungulira. Timizereto timangonena za mphamvu ya chizindikiro, osati za kuchuluka kwa anthu amene mukulimbirana nawo. Amene ali ndi ma SIM awiri, kaya Movitel ndi Vodacom kapena Tmcel, ayese onse pa malo omwe amaonera komanso pa ola lomwelo la mpira, chifukwa mzere wothamanga m'mawa ukhoza kukwawa masana, ndipo wabwino pa msika wa Ulongwe ukhoza kukhala wosathandiza ku Dómuè kapena ku Furancungo. Pa mafoni ambiri, wina akangoimba, foni imatsika kuchoka pa 4G ndipo chithunzi chimaima. Akaimba pa SIM yachiwiri data imaimiratu mpaka atadula. Ena amatsekera foni pa 4G yokha. Zimathandiza, koma pa mizere ina mafoni olowa safika konse, choncho kumbukirani kubwezeretsa woimbira mpira akaimba wezulo womaliza.

A m'malire, ku Calómuè, ku Biri Biri ndi ku Zóbuè, ali ndi mwayi wawo. Nsanja za TNM ndi Airtel zimafika kutsidya kuno, ndipo intaneti imaona dziko la munthu potengera mzere umene akugwiritsa ntchito, osati pamene waponda. Wokhala ku Calómuè ndi SIM ya ku Malawi amaoneka ngati ali ku Malawi komweko. Izi zimatsegula masewero ena n'kutseka ena. Sewero la Bullets ndi Wanderers kapena la Silver Strikers likakana pa mzere wina, yesani winawo musanataye mtima, ndipo chimodzimodzi ndi masewero a Mambas. Ingosamalani kuti SIM isalumphire pa nsanja ya dziko lina, chifukwa mtengo wa data ya roaming ndi wina. Pa nthawi palibe chosokoneza, Malawi ndi Mozambique ali pa ola limodzi.

Kutentha ndi nkhani ya kumunsi, ku Tete, ku Moatize ndi m'mbali mwa Zambezi, kumene mu October ndi November kumapitirira madigiri 40, nthawi yomwe ligi ikupita kumapeto ndipo masewero ndi ofunika. Opanga mafoni ambiri amalemba malire a madigiri 35. Foni yoonetsa kanema kwa maola awiri, yowala mokwana, ikulimbana ndi netiweki yofooka, kwinaku ili pa chaja, imatentha mpaka kudzichepetsa liwiro yokha. Chithunzi chimachita mdima, chimagwiragwira, kenako foni imazima. Ikachita zimenezi miyezi ingapo batire imatupa ndipo chivundikiro cha kumbuyo chimayamba kukanuka. Tchajani foni idzaze sewero lisanayambe, chotsani chikwama chake, ikhale pa mthunzi osati pa malata kapena pa pilo, ndipo ngati mpofunika kuonjezera moto chitani pa mphindi 15 zopumulira chithunzi mutatseka. Ku Angónia ndi ku Tsangano kozizira vutoli n'lochepa.

Eni mabaraka amene anafuna kutaya dikoda kuti azionetsa pa TV yaikulu ndi amene akhumudwa kwambiri. Chingwe chochoka pa USB-C kupita pa HDMI sichigwira pa mafoni ambiri otchipa, chifukwa doko lawo silitulutsa chithunzi. Musagule musanayese pa foni yanu. Njira yogwira ndi kabokosi ka Android kolumikizidwa ku hotspot ya foni. Msampha wake ndi uwu: kabokosiko kamaona hotspot ngati Wi-Fi yopanda malire, kamasankha 1080p ndipo kamayamba kudzikonza kokha, magiga n'kuthera pomwepo. Pa TV ya mainchesi 32, 480p imaoneka yachimbuuzi, anthu a pa benchi la kumbuyo amadandaula, ndipo 720p ndiye poyambira. Werengerani magiga awiri ndi theka pa sewero, muchulukitse ndi masewero asanu ndi atatu a pa mwezi: magiga 20. Ikani mtengo wake pambali pa malipiro a mwezi a dikoda, mudzaona nokha kuti chaulerecho chili pati. Magetsi okha si vuto. TV yotere ndi kabokosi zimadya mawati pafupifupi 60, ndiye sewero limodzi ndi 120 Wh, pamene batire ya sola ya 12 V, 100 Ah imapereka pafupifupi 600 Wh isanatsike kupitirira theka. Pa magetsi olipiriratu a Credelec n'kachigawo kochepa ka yuniti imodzi.

Za masamba akuba, mawu ndi ochepa. Ulalo wotumizidwa m'gulu la WhatsApp umene umatsegula mazenera atatu musanaone mpira, kapena pulogalamu yotsitsidwa kunja kwa Play Store yopempha kuwerenga ma SMS, zisiyeni. Palibe kanema waulere wofuna nambala yachinsinsi ya M-Pesa, e-Mola kapena mKesh. Masewero oikidwa pa Facebook ndi munthu wongoloza foni pa TV yake nawo amachotsedwa ndi eni ufulu, kawirikawiri sewero lili pakati, mamega mutawononga kale.

Kwa munthu mmodzi woonera pa foni yake sewero limodzi kapena awiri pa sabata, njirayi ndi yabwino ndipo yabweretsa masewero amene kale ankangomveka pa wailesi: COSAFA, zikho za ku Malawi, mpira wa amayi ndi wa achinyamata. Ulendo wochoka ku Ulongwe kukaonera ku Songo umadya tsiku lathunthu pa chapa, ndipo giga imodzi siingafanane ndi mtengo umenewo. Musayembekezere makamera ambiri. Masewero ena amajambulidwa ndi kamera imodzi, opanda kubwereza chigoli, nthawi zina opanda woulutsa. Kwa banja kapena baraka, dikoda ikhalebe pomwepo, chifukwa Moçambola ya pa TVM kudzera pa dikoda siidya mega ngakhale imodzi, ndipo foni ikhale yothandizira pa masewero amene pa TV palibe.