Facebook, WordPress ndi Blogger: ndi iti yosavuta kuchokamo ndi zolemba zanu?

Anzanga omwe timalemba nawo nkhani ndi ndakatulo kuno ku Mangochi akhala akundifunsa mobwerezabwereza kuti pulogalamu yabwino yofalitsira zolemba pa foni ndi iti. Za kuchuluka kwa owerenga aliyense akuzidziwa kale, choncho ine ndiyerekeza mapulogalamuwa pa mfundo imodzi: zimene zimachitika munthu akafuna kutenga zinthu zake kapena kufufutitsa akaunti.

Chandichititsa ndi pulogalamu ina yaing'ono yofalitsira nthano, imene polembetsa inandifunsa nambala ya foni, tsiku lobadwa ndi chithunzi cha chiphaso cha unzika, ati kuti idzathe kundilipira owerenga akachuluka. Nditafuna kuchoka, ndinapeza kuti batani limene linalipo linali longotulukira, ndipo kufufuta kwenikweni kunkafuna kuti ndilembe imelo m'Chingerezi. Ndinalemba, yankho silinabwere. Nthano zanga zikuonekabe pamenepo pamodzi ndi dzina langa, ndipo chimene chimandiwawa kwambiri ndi chiphasocho, chifukwa munthu wachinyengo akachipeza angathe kuchita nacho zinthu m'dzina langa. Kuchotsa pulogalamu mu foni sikufufuta chilichonse ku makompyuta a eni ake, ngakhale ambiri timaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Facebook imapereka njira ziwiri zimene anthu amazisokoneza: kuyimitsa akaunti, kumene kumangoibisa, ndi kuifufutiratu. Mukasankha kufufuta mumapatsidwa masiku 30 oti musinthe maganizo, ndipo kampaniyo imanena kuti kuchotsa zonse kungatenge masiku mpaka 90. Mauthenga amene munatumizira anzanu amatsalabe kwa iwowo. Ubwino wake ndi woti popempha zinthu zanu mumasankha nokha miyezi imene mukufuna komanso mungachepetse kukula kwa zithunzi, zimene zimathandiza munthu wa ku Makanjira kapena ku Namwera amene amadalira bandulo yochepa. Mtengo wobisika uli pomwepa: kupempha n'kwaulere, koma mukapanda kusankha bwino, kutsitsa zithunzi ndi mavidiyo a zaka zambiri kumamaliza bandulo yonse musanafike n'komwe pa zolemba zanu.

WordPress.com imakupatsani zolemba zanu m'fayilo imodzi ya mtundu wotchedwa XML, imene mungasamukire nayo kwina, koma ngati munagulapo kanthu muyenera kuthetsa kaye zolipirazo musanatseke akaunti.

Ine mtima wanga uli pa Blogger, pulogalamu ya Google, ndipo sindibisa. Zolemba zanu mumazitenga kudzera mu Google Takeout, malo otsitsira zinthu zanu za mu akaunti ya Google, kumene mumachonga Blogger yokha n'kusiya zina zonse, ndipo tsamba lanu lonse (blog) limene mwalifufuta mungalibwezeretse masiku 90 asanathe. Mungafufutenso tsambalo popanda kukhudza Gmail yanu. Pulogalamu yake ya pa foni ndi yosalira zambiri moti zina mwa zimenezi zimafuna kutsegula Chrome, koma vuto limeneli ndi laling'ono poyerekeza ndi kulembera anthu osayankha.

Mapulogalamu ang'onoang'ono nawonso ali ndi malamulo owamanga. Kuyambira pa 30 June 2022, Apple imafuna kuti pulogalamu iliyonse yolola kutsegula akaunti ilolenso kuifufuta m'kati momwemo, ndipo Google Play inalengeza lamulo lofanana mu 2023, n'kuwonjezera kuti pakhale tsamba la pa intaneti lopemphera kufufuta ngakhale mutaichotsa kale pulogalamuyo. Kuno kwathu tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo limapatsa munthu ufulu woona zimene ena akusunga zokhudza iye ndi kupempha kuti zifufutidwe. Dandaulo langa ndikukalitula kumeneko.

Kwa mnzanga amene akuyamba kumene, ndikuti asunge zolemba zake pa Blogger, Facebook aziigwiritsa ntchito poitanira owerenga basi, ndipo pulogalamu iliyonse yofunsa chiphaso ayambe waona pa Play Store, pa gawo la Data safety, ngati ili ndi njira yopemphera kufufuta.