Zipolopolo za .30-06 za 180 grain: ntchito zimaidziwa, koma thumba limalira

Ndazipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha mtengo komanso kusowasowa kwake m'mashopu a muno mu Lusaka, chipolopolo chenichenicho ndilibe nacho mlandu.

Ine ndimasaka nyama ya ndiwo, za nyanga zokhoma pakhoma ndinasiyira azungu a safari. Mfuti yanga ndi Brno yakalekale ya .30-06 imene anandisiyira amalume atatopa ndi tchire, mapepala a kupolisi tinasintha bwinobwino, ndiye ndimapita kumafamu a nyama cha ku Chisamba, nthawi zina ku GMA (madera amene boma limalola kusakako nyama) cha ku Petauke ndikapeza layisensi ya DNPW, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, aja kale tinkati ZAWA. Zimene ndikunena pano ndi soft point, zija zili ndi mtovu woonekera kunsonga, bokosi la 20.

Chimene chandikhazika pa 180 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa mutu wa chipolopolo) ndi nyama ikafika posenda. Kale ndinkagula za 150 grain poti zinkapezeka msanga ndiponso anthu amazitama kuti zimathamanga. Zoona zimathamanga, pafupifupi mamita 880 pa sekondi pomwe za 180 zili cha m'ma 820, koma liwirolo ukalipeza pa nswala ya pamamita 60 umadandaula. Mwendo wonse wakutsogolo umakhala magazi oundana, nyama yakuda bii, yamadzimadzi, tizidutswa ta mtovu paliponse, ukamadula kutaya mpaka anyamata osenda amayamba kukuyang'ana mwachisoni. Mmodzi anachita kundifunsa kuti, “Abwana, mwabwera kudzasaka kapena kudzagaya?” Za 180 sizitero. Zimalowa, kutambasuka pang'onopang'ono, kutulukira mbali inayo, bowo lotulukira lolowa zala ziwiri basi, nthiti zokha ndiye zimawonongeka.

Pa ngoma ndi pomwe ndinazikhulupirira. Yamphongo yaikulu, itaima chopendekeka m'mitengo ya tsanya, ndinaponya kumbuyo kwa phewa, inathamanga pang'ono chabe n'kugwa. Posenda chipolopolo tinachipeza chitatsamira pachikopa cha mbali inayo, chitatambasuka ngati bowa koma chosanyenyeka, mtovu ndi mkuwa zikadali pamodzi, mapapo onse awiri atabooka. Njiri nayo ngakhale ndi yolimba mutu imagona pomwepo. Ntchefu ndiye malire ake kwa ine, imagwa ndithu koma uyenera kudikira ikupatse nthiti bwinobwino, zoponya ikukufulatira n'kuzunza nyama chabe, mudzayenda tsiku lonse kulondola magazi dzuwa la Okutobala lili pamutu.

Sikopu ya mfuti, galasi lija lolunjikira, ndinaitchera pa mamita 100. Pa 200 chipolopolo chimatsika pafupifupi chikhatho chimodzi, ndipo kunena zoona m'tchire lathu la miombo ndi kangati umaona nyama kupitirira pamenepo? Mwina kudambo. Anthu amakangana za mamita 500 atakhala pa bala ku Kabwata, kutchire nyama zambiri zimagwa pansi pa 150.

Anzanga a .308 Winchester amakonda kundinena kuti ndikunyamula za agogo. Inde ndi zakale, asilikali a ku America anayamba nazo mu 1906, 06 uja ndi chaka chimenecho, pomwe .308 inabwera mu 1952. Koma mutu wa chipolopolo ndi umodzimodzi kukula kwake, kusiyana kuli pa chigoba, cha .30-06 ndi mamilimita 63, cha .308 ndi 51, ndiye changa chimanyamula wonga wambiri ndipo chimakankha bwino mitu yolemera mpaka 220 grain. Pa nswala palibe angasiyanitse, ngakhale nswalayo. Pa ntchefu ndimasankha yanga.

Njati ayi. Apa ndisakunamizeni, ndamvapo anthu akudzitama kuti anagwetsa njati ndi .30-06, ena mpaka ndi .303 ya Lee-Enfield, mwina n'zoona koma njati yovulala ikalowa m'bango mwaika moyo wa sikauti ndi wolondola mapazi pachiswe, si wanu wokha. Mayiko ambiri a mu Africa amafuna kuyambira .375 pa nyama zoopsa, ndipo pali chifukwa chake. Ndinawomberapo .375 H&H ya mnzanga, ija Holland & Holland a ku London anatulutsa mu 1912, ya 300 grain. Imakankha phewa pafupifupi kawiri kuposa yanga, madzulo ake ndinkadya nsima ndi dzanja lonjenjemera. Ndi yabwino, ena amasakira chilichonse ndi imeneyo, koma munthu wa nswala ndi njiri ukuvutikiranji, mtengo wa bokosi lake ungolira. Ya .30-06 imakankha mwaulemu, ungathe kuwombera khumi pa renji, malo oyeserera kuwombera, osayamba kutsinzina diso pokoka tiriga.

Tsopano za nyenyezi yosowa ija. Shopu imene ndimagulako muno m'tauni, sinditchula dzina, imatha miyezi yangapo ilibe za 180, ukafunsa amangoti katundu ali m'njira bambo, bwerani sabata yamawa. Zikabwera mtengo wakwera, akuti dola. Nyengo yosaka ikayandikira ndiye zimatheratu, otsala amapatsidwa mtundu wina uliwonse, ndipo mukasintha mtundu kapena kulemera muyenera kubwereranso ku renji kukatchera sikopu chifukwa sizigwera malo amodzi, apo zinayi kapena zisanu zapita kale pa pepala. Ine masiku ano zikapezeka ndimagula mabokosi awiri a loti nambala imodzi, malinga ndi zimene layisensi yanga ikulola, n'kusunga m'sefa pouma. Musaiwale kunyamula layisensi yamfuti popita, popanda imeneyo sakugulitsani ngakhale mutakhala kasitomala wawo wa zaka zingati.