Ford Fiesta anasiya kuipanga, nanga yakale ndi yogulabe?

Fiesta yomaliza inatuluka m'fakitale ya Ford ku Cologne, m'dziko la Germany, pa 7 July 2023. Anayamba kuipanga mu 1976, ndipo pa zaka 47 zimenezi anagulitsa zoposa 22 miliyoni padziko lonse. Yanga ndi ya 2014, yasiliva, injini ya petulo 1.25, magiya asanu osintha ndi dzanja. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku Leicester, moti tsiku lonse ndimangokhalira kukwera ndi kutsika galimoto. Abale akangofika kuno ku Britain funso lawo ndi lomwelo: "Achimwene, galimoto yoti anasiya kupanga, ndikagula sinditaya ndalama?" Ndiyankhe kamodzi pano.

Ford italengeza nkhaniyi mu October 2022, okonda magalimoto anachita ngati kwagwa maliro. Koma mukamvetsera bwino, ambiri amene ankalira mokweza ankalirira Fiesta yothamanga. Achikulire amakumbukira XR2 ya mu 1981. Anyamata amalirira ST, ija ya 2013 ya injini 1.6 yokhala ndi turbo, ndi yomaliza ya 2018 ya masilinda atatu koma 200 horsepower. Ena amakukumbutsani kuti Sébastien Ogier anatenga chikho cha dziko lonse cha mpikisano wa rally mu 2017 ndi 2018 ali mu Fiesta. Zonsezi n'zoona. Mnzanga wina wa kutchalitchi ali ndi ST yabuluu, anandikwezapo, ndipo pakona galimoto ija imamata pamsewu mochititsa mantha. Koma ndinatsika msana ukuwawa, masipuling'i ake ndi ouma zedi. Ine sindingagwire nayo ntchito yanga.

Kwa ine, yofunika kuilira ndi Fiesta wamba, ya anamwino, ya ophunzitsa kuyendetsa galimoto, ya mwana amene wangotenga laisensi. Ndi imeneyi inachititsa kuti Fiesta ikhale galimoto yogulidwa kwambiri mu Britain zaka 12 zotsatizana, kuyambira 2009 mpaka 2020, Vauxhall Corsa isanailande mpando mu 2021. Ndipo tinene zoona, ambiri a ife olirafe sitinagulepo Fiesta yatsopano. Tinkadikira wina agule, ayende nayo zaka zisanu ndi chimodzi, ife titole. Ford inaona kuti pa galimoto yaing'ono phindu ndi lochepa, pamene Puma, galimoto ina ya Ford yopangidwa ku Craiova m'dziko la Romania pa maziko omwewo a Fiesta, anthu amailipira zambiri chifukwa chongotalikirako pang'ono. Fakitale ya ku Cologne anaikonzanso kuti izipanga Explorer yoyendera magetsi. Mu 2023 momwemo Puma ndiyo inakhala pamwamba pa magalimoto ogulidwa kwambiri kuno. Tingadandaule, koma masamu awo anawatha.

Tsono za galimotoyo. Chimene ndimaikondera kwambiri ndi chiwongolero. Misewu ya ku Highfields ndi Belgrave, madera a kuno ku Leicester, ndi yopanikiza, magalimoto ataimikidwa mbali zonse ziwiri, ndipo ine ndimakhala ndi mphindi zochepa kuchoka kwa gogo uyu kukafika kwa wina. Fiesta ukaipotoza pang'ono imamva pompo, sizengereza, ndipo kampata koti wa galimoto yaikulu angodutsa, ine ndimalowamo kamodzi n'kamodzi. Giya imalowa mofewa, kalachi ndi yopepuka, phazi silitopa ngakhale pamzere wautali wa madzulo. Pa zitunda zochepetsa liwiro sigunda m'mimba ngati timagalimoto tina tating'ono.

Pali kanthu kena kamene sindinkakaganizira ndili kumudzi. Galasi lakutsogolo lili ndi timawaya tosaoneka bwino totenthetsa, a Ford amati Quickclear. M'mawa wa January, kunja kudakali mdima, anzanga akupala chisanu pagalasi ndi kakhadi, zala zitauma gwa, ine ndimangodina batani, n'kumaona madzi oundana aja akusungunuka kuyambira pakati. Kwa munthu woyamba ntchito 6 koloko m'mawa, kabatani kameneka n'kofunika kuposa wailesi.

Mphamvu ndiye musayembekezere zambiri. Injini ya 1.25 ili ndi 82 horsepower, m'tauni ndi yokwana, koma mukalowa mumsewu waukulu wa M1 mutanyamula anthu anayi muyenera kuipatsa nthawi, ndipo pa 70 mailosi pa ola imafuula ngati ikupempha giya yachisanu ndi chimodzi. Kumbuyo ndi kothina, munthu wamtali mawondo amagunda mpando. Buti ndi ya malita pafupifupi 290: thumba la ufa, mpunga ndi zogula za sabata zimalowa, koma masutikesi awiri aakulu aja a 23 kg opita nawo kwathu, pokhapokha mutagwetsa mpando wakumbuyo.

Apa ndiye mvetserani, chifukwa Fiesta si imodzi. Yambiri imene mudzaione pamsika ndi ya injini 1.0 EcoBoost. Ndi injini yokoma, yamphamvu kuposa yanga, yosamwa mafuta, ndipo inapambana mphoto ya International Engine of the Year zaka zitatu zotsatizana, 2012 mpaka 2014. Koma lamba wake wa timing, amene amagwirizanitsa kayendedwe ka zitsulo za mu injini, amayenda ali m'kati mwa oyilo. Mwini wake woyamba akakhala kuti ankathira oyilo wolakwika kapena ankadumphitsa sevisi, lambayo amayamba kunyenyeka, tizidutswa timatseka kasefa ka pampu ya oyilo, injini n'kuuma. Ford imati lambayo asinthidwe pa zaka 10 kapena mamailosi 150,000, ndiye ya 2014 kapena 2015 nthawi yake yakwana kale, ndipo ntchito yake si yotchipa chifukwa makaniko amamasula zambiri kuti amufikire. Wogulitsa akalephera kukuonetsani lisiti yoti lamba anasinthidwa, chotsani mtengo wake pa ndalama yogulira, apo ayi bwererani. Ya 1.25 lamba wake ali panja, wouma, galaja iliyonse ya pakona imasintha. N'chifukwa chake ndinasankha yofookayo.

Chachiwiri ndi otomatiki. Ambiri a ife tinazolowera Vitz ndi Sienta zochokera ku Japan, ndiye timafuna yosasintha giya. Fiesta zambiri za otomatiki za pakati pa 2013 ndi 2017 zili ndi giyabokosi ya PowerShift, imene inadandaulitsa anthu m'mayiko angapo chifukwa chonjenjemera ponyamuka, mpaka ku Australia khoti linalipiritsa Ford 10 miliyoni ya madola a kumeneko mu 2018 kaamba ka mmene inasamalira madandaulowo. Ine ndimauza abale kuti aphunzire yamanja. Kumbukiraninso kuti kuno ukakhoza mayeso pa otomatiki, laisensi yako imakhala ya otomatiki yokha.

Zipangizo musade nazo nkhawa. Mu Britain mokha anagulitsa Fiesta pafupifupi 4.8 miliyoni, moti mabuleki, magalasi, nyali, zonse zili mbwee, zatsopano ndi zochotsa pa magalimoto owonongeka. Koma kuchuluka komweku kuli ndi mbali yake ina: m'zaka zapitazi Fiesta yakhala ikutsogola pa magalimoto obedwa kwambiri kuno. Ine ndinagula loko yachitsulo yachikasu ya pachiwongolero, ndimaikhoma ngakhale ndikulowa m'nyumba ya gogo mphindi 30 zokha. Funsaninso mtengo wa inshuwaransi musanapereke ndalama, chifukwa kwa munthu wa laisensi yatsopano nthawi zina inshuwaransi ya chaka imayandikira mtengo wa galimotoyo.

Ndiye yankho langa ndi lakuti gulani, makamaka ya petulo, yamanja, yokhala ndi buku la sevisi lodindidwa bwino, ndipo muone mbiri yake ya MOT (mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu) pa intaneti, ndi yaulere, mumangolemba nambala ya galimoto. Wina anandifunsa ngati angaitumize kwathu akamabwerera. Pamenepo ndinamukaniza. Ku Lilongwe amakaniko ndi ogulitsa zipangizo anazolowera Toyota, Nissan ndi Mazda, ndipo Fiesta ndi yofupika pansi, msewu wa kumudzi kwathu ku Dedza nthawi yadzinja ingakasiye bampala panjira.